Miyambo yathu ndi ntchito za zomangamanga ku Zomba: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera pamisonkhano ya makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'dera la mfumu yaikulu (ADC), pamabwalo a mafumu, ndiponso pakati pa amisiri ndi alangizi ogwira ntchito za misewu, madzi ndi nyumba za boma kuno ku Zomba. Ena tawayankha mwachidule, ena tatalikitsa chifukwa ndi pamene ntchito zambiri zimafera.

Kodi chikhalidwe chikulowa pati pa nkhani ya misewu, milatho ndi mijigo? Si nkhani ya ndalama ndi mainjiniya basi?

Ndalama ndi mainjiniya zimamanga, inde. Koma chomangidwacho chimakhala pamalo a munthu wina, ndipo tsiku limene chaonongeka pamafunika munthu woti achione ngati chake n'kuchikonza. Mwini malo ndani? Amene anthu amamumvera ndani? Adzakonza ndani kontrakitala akapita? Pulani ya injiniya siyankha mafunso amenewa. Mayankho ake ali m'mene anthu a pamalopo amakhalira.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 105,013 mumzinda wa Zomba ndi 746,724 m'madera a kumidzi a bomali. Ndiye kuti pa anthu asanu ndi atatu alionse, pafupifupi asanu ndi awiri amakhala m'midzi ya mafumu monga Mlumbe, Malemia, Kuntumanji, Mwambo, Chikowi ndi Mkumbira, kumene malo, maliro, ukwati ndi milandu zimayenda mwa mwambo. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika kusintha kaganizidwe ndi zomangamanga pamndandanda umodzi wa zinthu zothandiza dziko kutukuka. Ife timagwirizana nazo, pokhapokha zimveke kuti ofunika kusintha kaganizidwe si anthu a kumudzi okha. Wolemba pulani ali muofesi, wosadziwa kuti munda ndi wa mbumba, nayenso ali ndi zoti asinthe.

Ena amati Amalawi sitisamala zinthu za boma, ndi mmene tinabadwira. Ndi zoona?

Ayi. Taonani pamaliro. Uthenga ukangomveka, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu awo, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, ndalama za chipepeso zimalembedwa m'kope n'kuwerengedwa pagulu, ndipo amene wajomba popanda chifukwa amaitanidwa kwa mfumu. Palibe alawansi, palibe kontrakitala. Anthu omwewo ndi amene amasiya mjigo utafa miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha kalabala kamodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti pamaliro aliyense amadziwa gawo lake, ndalama zimaonekera, ndipo chilango chake n'chodziwika. Pamjigo nthawi zambiri zitatu zonsezi palibe.

Mtima wakuti "ndi za boma izi" uli ndi mbiri yake. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana ntchito. M'minda ya azungu ya m'dera lino, monga ku Magomero, mawuwo anasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, ndipo chinali chimodzi mwa zimene John Chilembwe anaukira mu 1915. M'zaka za m'ma 1950 kunabwera malimidwe, pamene anthu ankalipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa chosaunda migula yoteteza nthaka. Ntchito yabwino, koma inabwera ndi chikwapu, anthu n'kuida. Agogo athu anaphunzira kuti ntchito yochokera kumwamba ndi ya eniake, ndipo phunziro lotere silitha msanga.

Koma Zomba yemweyu ali ndi umboni wa mbali inayo. Ntchito ya mipopi ya kumidzi yoyenda yokha kuchokera kuphiri, yopanda injini, inayambira ku Chingale mu 1968. Boma linapereka mapaipi ndi amisiri, anthu a m'midzi anakumba okha ngalande zokwiriramo mapaipiwo, mudzi uliwonse chigawo chake, mafumu ali patsogolo. Poyamba inafikira anthu pafupifupi 3,000, kenaka njirayo inafalikira ku Mulanje ndi m'maboma ena, mpaka anthu a maiko akunja ankabwera kudzaphunzira. Mipopi yambiri yotereyi inadzafooka pamene oyendera mapaipi anachepa, zipangizo zokonzera zinasowa, ndipo mitengo ya kumagwero inadulidwa. Anthu sanasinthe mtundu. Chinatha ndi dongosolo limene linkawagwirizanitsa.

Tikufuna malo omangapo thanki ya madzi, chipatala chaching'ono kapena buloko ya sukulu. Tipemphe kwa ndani?

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimapunthwa zisanayambe n'komwe. Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, amene ndiwo ochuluka m'boma lino, amatsata mtundu wa kuchikazi. Munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ndipo mwamuna amene mwamupeza akusosa pamenepo kawirikawiri ndi mkamwini. Akhoza kukulandirani bwino, kukupatsani mpando, ngakhale kusaina pepala lanu. Koma malowo si ake. Mukadzathira maziko, mudzaona malume atulukira kuchokera ku Limbe kapena ku Joni kudzafunsa kuti anapereka malo a alongo awo ndani, ntchito n'kuima.

Njira yake ndi iyi. Yambani kwa nyakwawa, iye akutengereni kwa gulupu, ndipo T/A adziwitsidwe. Funsani mfumu kuti mundawo ndi wa mbumba iti, mayi wolimapo ndani, mwinimbumba ndani. Kumanani ndi mayiyo, abale ake aakazi ndi mwinimbumba pamodzi, osati mmodzimmodzi, ndipo apatseni masiku oti akambirane paokha. Akati "tamva, tikaganize", musaumirize yankho tsiku lomwelo, ndipo musawerengere kukhala chete ngati kuvomera. Pamaso pa mfumu ndi alendo ovala bwino, mayi wa ulemu wake sanena kuti ayi. Adzakana mawa lake kudzera mwa mchimwene wake.

Akavomera, yendani nawo malire onse pamodzi ndi oyandikana nawo munda, khomani zikhomo, yezani ndi tepi, lembani mamita. Chikalata chinene ngati malowo aperekedwa ulere kapena ndi chipukuta misozi, chitchule mitengo ya zipatso ndi mbewu zimene zilipo, chinenenso njira yolowera pamalopo, poti mikangano yambiri imabuka pa kanjira kopita kumjigo osati pamjigo penipeni. Asaine mayi mwini munda, mwinimbumba, mfumu ndi mboni, ndipo kope lina likasungidwe kukhonsolo. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsa makomiti a za malo pa gulupu aliyense: gulupuyo ndiye wapampando, mamembala ena ndi asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Kumene komiti yotere ilipo, musaidumphe.

Boma likatenga malo chifukwa cha msewu kapena mzere wa magetsi, owerengera katundu amabwera kudzera kuofesi ya DC, ndipo chipukuta misozi chimayenera kuperekedwa ntchito isanafike pamalopo. Onetsetsani kuti dzina lolembedwa ndi la mwini munda weniweni. Chizolowezi cholemba "mutu wa banja" chapangitsa kuti ndalama za munda wa mayi zilandiridwe ndi mkamwini, amene banja likatha amanyamuka nazo kupita kwawo.

Nanga msewu kapena paipi ikalunjika pamanda?

Choyamba, yesani kukhotetsa. Kusuntha mzere wa paipi ndi mamita makumi angapo n'kotchipa kuposa kufukula manda, ndipo kumasiya mitima ya anthu ili m'malo. Manda a kwathu kuno amadziwika ndi nkhalango yake, moti woyeza malo wochenjera amaaona ali patali n'kufunsa asanaloze chida chake kumeneko. Vuto limakhala pa manda osaoneka: a makanda, amene amaikidwa ndi amayi okha, kapena a m'mabwinja a midzi yakale. Awa amadziwa ndi amayi achikulire, choncho afunseni paokha.

Ngati kukhotetsa sikutheka, kusamutsa manda kumafuna chilolezo cha abale a omwalirawo ndi mfumu, ndipo pamakhala a ofesi ya DC, a zaumoyo, apolisi ndi a nthambi ya boma yosunga zinthu zakale. Mu bajeti muikemo mabokosi kapena nsalu, malo atsopano, chakudya cha adzukulu ndi mwambo wa mapemphero monga mwa chipembedzo cha banjalo. Makina akafukula mafupa mwangozi, ntchito iime pomwepo, malowo atchingidwe, mfumu ndi apolisi adziwitsidwe. Kukwirira msangamsanga kuti anthu asaone ndiye kulakwa kwakukulu, chifukwa nkhaniyo imamveka ndithu, ndipo kuyambira pamenepo palibenso amene angakhulupirire kontrakitalayo.

Kumbukiraninso malo a zinamwali. Kumene kuli ndagala ya jando kapena tsimba, makamaka m'mbali mwa mitsinje nthawi ya tchuthi chachikulu cha sukulu, si malo otumako anyamata kukatapa mchenga osafunsa.

Ndi nthawi iti yabwino yoitanira anthu ku ntchito ya chitukuko?

Kuyambira Meyi mpaka Seputembala, anthu atakolola, chakudya chilipo, nthaka yauma. Okutobala anthu ali pa kugalauza mizere, Novembala ndi Disembala kubzala, Januwale kupalira ndi kubandira, ndipo Febuluwale ambiri ali pa ganyu wosaka chakudya. Kuitana anthu kudzatuta miyala mu Januwale n'kuwauza kuti asankhe pakati pa sukulu ndi chimanga chawo.

M'sabata, pewani tsiku la msika wa m'deralo, kaya ndi Thondwe, Songani, Jali kapena Mayaka. M'midzi ya Asilamu ambiri Lachisanu masana ndi nthawi ya Juma, ndipo m'mwezi wa Ramadan ntchito yolemetsa iyambe m'mamawa n'kuweruka dzuwa lisanakwere. Kuli a Seventh Day, Loweruka ndi Sabata. Maliro akagwa m'mudzi ntchito imaima, ndipo palibe fomani angasinthe zimenezo. Chofunika n'kuika masiku apadera m'ndondomeko kuyambira pachiyambi. Chimodzi chokha sichidikira: konkire imene mwayamba kuthira iyenera kumalizidwa tsiku lomwelo, ndipo yothiridwa kale imafuna madzi tsiku ndi tsiku. Pemphani mfumu kuti ilole anthu awiri kapena atatu atsale pa ntchito imeneyo. Mafumu ambiri amalola akafotokozeredwa mwaulemu.

Mjigo wathu umafa pafupipafupi. Vuto ndi mjigowo kapena ndi ife?

Zikhoza kukhala zonse ziwiri, ndipo pali njira yosiyanitsira.

Mijigo yambiri m'midzi ya Zomba ndi ya mtundu wa Afridev, umene unapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha ndi sipanala imodzi ndi ndodo yowedzera valavu ya pansi. Umayenera kutumikira anthu pafupifupi 250 okhala mosapitirira mamita 500. Ukamatungidwa ndi midzi itatu kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ziwalo zake zimatha msanga, ndipo pamenepo palibe wolakwa.

Muziuyesa kawiri motere. Koyamba, pompani mpaka madzi atuluke, muusiye mphindi 30, kenaka muyambenso n'kuwerenga. Madzi akachedwa kupitirira mapompedwe asanu, ndiye kuti akuthawira pansi: kotsekera valavu kotchedwa bobini katha, kalabala kozungulira kotchedwa O-ring kaphwanyika, kapena paipi yang'ambika. Kachiwiri, pompani kokwanira ka 40 pa mphindi imodzi mukutungira m'ndowa ya malita 20. Pazituluka malita 16 kapena kuposerapo. Akachepa, kalabala kotchedwa U-seal ka pa pulanja (chokwezera madzi m'paipi) katha. Chogwirira chikamagwedera uku ndi uku, mabushi apulasitiki atha, ndipo mukawasiya chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, kukonza kwake n'kukwera mtengo kangapo. Ziwalo zimenezi, U-seal, O-ring, mabobini ndi mabushi, ndi zotchipa ndipo zimayenera kusinthidwa chaka chilichonse zisanafe. Mabawuti amangidwe sabata iliyonse. Ngalande yotaya madzi isesedwe, dzenje lomwera madzi lisadzaze, ndipo chimbudzi kapena khola zisayandikire mamita 30.

Zolakwa za obowola zimaoneka mwa njira ina. Mjigo wouma mu Okutobala ndi Novembala chaka chilichonse nthawi zambiri unabowoledwa mosazama, mwina nthawi ya dzinja madzi ali pamwamba. Madzi a matope kapena a mchenga amasonyeza kuti timiyala tosefa sitinaikidwe bwino kuzungulira paipi. Madzi ofiirira onunkha dzimbiri akhoza kuchokera ku ndodo zachitsulo wamba mmalo mwa zosachita dzimbiri. Kufupi ndi nyanja ya Chilwa kuli malo amene madzi apansi ndi a mchere, ndipo komiti singachitepo kanthu. Zotere kanenani kuofesi ya zamadzi ya khonsolo, ndipo mjigo watsopano musaulandire musanaone lipoti la kuya kwake ndi zotsatira za kuyeza madzi.

Tsopano mbali yathu. Komiti ya mjigo imakhala ya anthu khumi, ndipo amayi azichuluka, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amene amayenda mtunda kukatunga kumtsinje mjigo ukafa ndi iwowo. Chimene chimapha makomiti ndi manyazi a pachibale. Msungichuma ndi mlamu wa mfumu, wabwereka ndalama za mjigo kuti agule feteleza, ndipo palibe angamufunse pagulu. Anthu akazindikira amangosiya kusonkha mwakachetechete. Mankhwala ake ali kale pakati pathu. Amayi a banki mkhonde amasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndalama zimawerengedwa aliyense akuona. Chitani chimodzimodzi. Mwezi uliwonse mlembi awerenge pamjigo pomwepo maina a osonkha ndi ndalama zotsala, monga zimachitikira ndi chipepeso. Ndalama zikakwana gulani ziwalo n'kusunga, chifukwa kalabala sikabwerekedwa ngati ndalama. Mfumu isakhale m'komiti: ikhale pamwamba kuti iweruze pakabuka mlandu. Nkhalamba ndi olumala amene sangathe kusonkha alembedwe poyera kuti akhululukidwa, aliyense adziwe.

Chikaonongeka tikanene kuti?

Misewu ikuluikulu monga M3 yochokera ku Blantyre kudzera mu Zomba kupita ku Liwonde ili m'manja mwa Roads Authority, ndipo ndalama zake zimachokera ku Roads Fund Administration kudzera mu msonkho wa pa mafuta ndi matolugeti. Misewu ya m'malokeshoni ndi ya khonsolo ya mzinda, ya m'midzi ndi ya khonsolo ya boma. Mipopi ya mumzinda ndi ya Southern Region Water Board, mapolo ndi mathiransifoma ndi a ESCOM. Zofuna za mudzi zimayambira ku VDC, kupita ku ADC, mpaka m'pulani ya chitukuko ya boma, monga linakonzera lamulo la maboma aang'ono la 1998.

Kudikira phungu kuti akonze chilichonse ndi chizolowezi chimene chatibwezera m'mbuyo. Chinthu chikadziwika ndi dzina la wandale, amene sali mbali yake amachitaya, ndipo iye akagwa pachisankho chimasanduka chamasiye.

N'chifukwa chiyani misewu ya Zomba imakumbika chaka chilichonse?

Mdani wa msewu ndi madzi, ndipo mzinda uno uli m'tsinde mwa phiri. Mvula ikagwa pamwamba, madzi amatsika mwaliwiro kudzera m'makwawa kupita ku Mulunguzi ndi Likangala. Akale anati madzi saiwala khwawa. Mukamanga nyumba pakhwawa louma kapena kulitseka ndi mpanda, madziwo amadzafuna njira yawo, ndipo njira yapafupi ndi msewu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa zimenezi m'maboma ambiri a kummwera.

Msewu wadothi umafuna zinthu zitatu. Pakati pakwere ngati msana wa ng'ombe, kutsetsereka masentimita 4 mpaka 6 pa mita iliyonse kupita m'mbali. Ngalande za m'mbali zikhale zotseguka. Pakhalenso tingalande topatutsa madzi kuwatayira kutchire, pafupipafupi pamene pali potsetsereka kwambiri. Kalavati yochepera mamilimita 600 imatsekeka msanga ndipo munthu sangaiyeretse bwino. Ya 900 ndiyo yabwino pamene madzi amabwera ndi zinyalala.

Apa chikhalidwe chimalowa kawiri. Mwini munda safuna madzi a mumsewu alowe m'chimanga chake, ndiye amatseka kangalande kopatutsa kaja ndi khasu. Simungamunene, munda ndiwo moyo wake. Koma madzi amene akanatuluka pamenepo amapitirira, kukumana ndi ena, n'kukumba chigwembe kumunsi. Njira yake n'kugwirizana ndi eni minda msewu usanapalidwe: madzi atayikire pamalire a minda, pabzalidwe udzu wa vetiva, pakumbidwe dzenje lomweza madzi, ndipo mfumu ichitire umboni. Kachiwiri ndi zinyalala. M'malokeshoni monga Chinamwali, Chikanda ndi Mpondabwino ngalande zimadzaza ndi majumbo ndi mabotolo m'chilimwe chonse, mvula yoyamba n'kusefukira pamsewu. Ngalande ziyeretsedwe mu Okutobala, mvula isanagwe, osati mu Januwale madzi atalowa kale m'nyumba.

Kumtunda nakonso kuli mlandu. Makala, moto wa osaka mbewa ndi kulima m'mapiri zimavula nthaka, madzi n'kutsika ndi mchenga umene umakwirira makalavati. Nkhalango ya paphiri ndiyonso imasunga madzi a damu la Mulunguzi limene mzinda wonse umamwa. Ndipo otapa mchenga pafupi ndi mlatho akudya maziko ake, ngakhale pamwamba pakuoneka bwinobwino.

Anthu amamangiranji ndi kugulitsira malonda m'mphepete mwenimweni mwa msewu?

Chifukwa kwa ife msewu ndi msika. Kumene kwadutsa phula kumabwera tomato, kabichi, nsomba za ku Chilwa, makabaza ndi okazinga tchipisi. Koma lamulo limasiya malo a msewu: pamsewu waukulu ngati M3 ndi mamita 60, kutanthauza 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, ndipo pamsewu wachiwiri ndi 36. Malowa ndi a ngalande, mapaipi, mapolo ndi kukuza msewu m'tsogolo. Womanga m'menemo akhoza kugwetseredwa popanda chipukuta misozi, ngakhale malowo anagula kwa mfumu.

Kuthamangitsa ogulitsa kokha sikuthandiza, amabwerera mawa. Misika yambiri yomangidwa bwino imakhala yopanda anthu chifukwa inaikidwa kuseri, kutali ndi pamene minibasi zimaima. Wopanga pulani ayambe waona pamene anthu amatsikira, aike pokwerera ndi mashedi pamenepo kunja kwa malire a msewu, ndipo afunse komiti ya msika za kagawidwe ka mabenchi asanamange.

Midzi yakhala ikuumba njerwa za sukulu kuyambira kale. Bwanji tsopano akuzikana?

Kuumba njerwa kunali chizindikiro cha kudzipereka kwa mudzi, makamaka m'ntchito za MASAF, thumba la boma lothandizira zitukuko za m'midzi, kuyambira m'ma 1990. Koma uvuni umadya mitengo ikuluikulu, ndipo maenje otsala amasunga udzudzu. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi ntchito zikuluzikulu. Mmalo mwake pamagwiritsidwa ntchito mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti zotsindira pamakina. Choopsa n'chakuti mudzi ukachotseredwa njerwa osapatsidwa gawo lina, sukuluyo imasanduka "ya kontrakitala". Gawo la mudzi likhalepobe: mchenga, miyala, madzi, kulondera zipangizo, kubzala mitengo yotchinga mphepo kuti denga lisasasuke.

Oyeza malo akafika, anthu ena amathawa kapena kuwaopseza. Tingapewe bwanji?

Mlendo wosadziwika wonyamula zida zachilendo, woyenda m'minda osapereka moni, amabala mphekesera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo ntchito zambiri za m'midzi zinaima. Choncho kalata ya kwa DC ifike kwa T/A masiku angapo ntchito isanayambe, uthenga ulengezedwe kutchalitchi, kumzikiti ndi pamsika, ndipo oyezawo ayende ndi munthu wa mfumu. Aonetse zida zawo pabwalo, ana ndi akulu asuzumiremo. Asagwire ntchito kukada. Zikhomo zimene akhoma afotokoze tanthauzo lake, apo ayi zidzazulidwa ndi anthu oopa kulandidwa minda, kapena ena adzamanga tizisakasa usiku poyembekeza chipukuta misozi.

Tikuona ngati kontrakitala akuchepetsa simenti, koma ndi munthu wamkulu. Tinganene bwanji osaoneka amwano?

Ulemu wathu ndi chuma, koma pano umatipweteka. Tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu ndipo wokupatsa chinthu sumufunsa mtengo wake. Kumbukirani kuti buloko ya sukulu si mphatso ya kontrakitala. Walipidwa, ndipo m'katimo mudzakhala ana anu.

Simufunika kukangana naye. Komiti ya ntchito ipemphe pachiyambi pepala la zipangizo, ndipo isunge kope lolemba matumba a simenti ofika ndi ogwiritsidwa ntchito tsiku lililonse. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50. Konkire wamba amasakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala, ndipo muyezowo ukhale chotengera chimodzimodzi, osati fosholo. Mchenga ukhale wopanda dothi: ufinyeni m'manja uli wonyowa, ukasiya matope ndi wosayenera. Konkire ithiriridwe madzi masiku osachepera 7, ndipo imafika mphamvu yake pa masiku 28. Pulasitala woyoyoka mukamukanda ndi msomali wachepa simenti. Pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pepala lotchinga chinyontho, pamwamba pa mazenera padutse lamba wa konkire kuzungulira nyumba yonse, ndipo mitengo ya denga imangiriridwe kukhoma ndi waya kapena tizitsulo, osati kungosanjika.

Mukaona cholakwika, mwambo womwewo uli ndi njira yake: nkhani yovuta imadzera mwa nkhoswe. Lembani zimene mwaona ndi tsiku lake, wapampando wa komiti ndi mfumu apite nazo kwa woyang'anira zomangamanga kukhonsolo. Musasaine chikalata cholandirira nyumba zolakwikazo zisanakonzedwe. Pamakhala ndalama zina zimene kontrakitala amasungiridwa mpaka nthawi yoona zolakwika itatha, ndipo ming'alu yotuluka m'nthawi imeneyo amakonza ndi ndalama zake.

Tinenenso kuti si kuchedwa kulikonse kumene kumachokera kumudzi. Msewu wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale unatenga zaka zoposa khumi, ndipo nkhani zake zinali za ndalama ndi makontrakiti. Pamenepo kunena za chikhalidwe cha anthu a ku Jali n'kuwanamizira.

Nanga m'masikimu a mthirira monga Likangala?

Sikimu ya mpunga ya Likangala inamangidwa boma likuyendetsa zonse, kuyambira kugawa mapuloti mpaka kukonza ngalande, kenaka inaperekedwa kwa bungwe la alimi ogwiritsa ntchito madzi. Pamenepo pamakumana malamulo awiri: a bungwe, akuti puloti ndi ya amene akulipira ndi kulima, ndi a mwambo, akuti malo ndi a makolo ndipo amasiyirana m'banja. Mapanga awiri avumbwitsa. Malamulo a sikimu anene momveka za kulowa m'malo mwa womwalira, kubwereketsa puloti ndi gawo la mafumu, ndipo awerengedwe pamsonkhano chaka chilichonse.

Pa madzi, a kumtunda amatunga kaye, a kumapeto kwa ngalande n'kumalandira zotsala. Ndandanda ya masiku othirira ilembedwe poonekera, ndipo kupala ngalande kuyambire kumunsi kukwera, kuti a kumtunda asathawe akamaliza chigawo chawo. Mtsinje wa Likangala womwewo ukupita ku Chilwa, nyanja yopanda potulukira imene inaphwa mu 1968, 1995 ndi 2018, choncho madzi otayika pa geti yothyoka akusowanso kwa asodzi a ku Kachulu ndi ku Chisi.

Nyumba zakale za mumzinda uno, tizisunge kapena tigwetse timange zamakono?

Zomba linali likulu kuyambira 1891 mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Nyumba ya Masongola ya 1886, nyumba yakale ya malamulo, chipilala cha asilikali a nthawi ya atsamunda a King's African Rifles (KAR) ndi maofesi akale a boma ndi mbiri imene mizinda ina ilibe, ndipo zina n'zotetezedwa ndi lamulo la zinthu zakale, moti kuzisintha kumafuna chilolezo. Maganizo athu ndi akuti zisungidwe ndi kugwiritsidwa ntchito, poti nyumba yotsekedwa ndiyo imagwa msanga.

Chimene chimaziononga ndi madzi ndi chiswe. Kawiri pachaka, mvula isanayambe ndiponso ikatha, wina akwere kukaona malata ndi kuchotsa masamba m'magatala, aone ngati madzi a padenga akutayikira kutali ndi maziko, ndipo afufuze njira za chiswe pa mitengo ya denga ndi mafelemu. Makoma ambiri akalewa anamangidwa ndi dothi kapena laimu, ndipo amafuna kupuma. Mukawamata pulasitala wa simenti yolimba kapena penti ya mafuta, chinyontho chimatsekeredwa m'kati, njerwa n'kumafumbutuka kuseri kwa pulasitalayo. Pokonza gwiritsani ntchito laimu, ndipo dothi kapena maluwa amene aunjikana kukhoma achotsedwe kuti mzere wa maziko uzioneka.